Foloko ya Njinga ya Lakisoni

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha foni. Nditamaliza sukulu ndinakhala zaka ziwiri kwathu ku Kavalamanja, ndikuyanika nsomba za amalume. Tsiku lina anandituma ku boma kukagula chubu cha njinga. Mwini malo okonzera njinga, a Daka, ndinawapeza akulimbana ndi foni yatsopano imene mwana wawo anawatumizira kuchokera ku Lusaka. Ndinawatsegulira, ndi kuwawerengera mauthenga. Anandifunsa ngati ndimadziwa kugwira sipanala. Ndinati pang'ono. Lolemba lotsatira ndinayamba.

A Daka anandiyambitsa pa kumata chubu: kupeza pobooka m'beseni la madzi, kupala ndi sandipepa, kupaka solushoni ndi kudikira kuti iume ndisanaike pachi. Kenako kuwongola limu ndi kiyi wa masipoko, kusintha mabolo a m'habu, kuikamo gilisi. Makasitomala athu ambiri anali a nsomba, amene amamanga madengu pa kaliya ndi kupalasa mpaka kumidzi ya ku Mburuma.

Anthu amenewa anali ndi gulupu pa foni. Ankauzana pamene njovu zaoneka pamsewu, pamene madzi akumba njira, ndi sitolo imene yalandira matayala. A Daka analimo, koma maso awo sankaona zilembo zing'onozing'ono, choncho foni ankandisiyira ine. Posakhalitsa anandipanga adimini, woyang'anira gulupuyo. Wina akafunsa za njinga ndinkayankha ndine, ndipo anayamba kunditchula "amakaniki" ndisanathe miyezi isanu pa ntchito. Dzinalo linandikoma.

Sabata ina a Daka atawoloka mtsinje kupita ku maliro ku Zumbo, Lakisoni Tembo, bambo wa ana atatu, anaika chithunzi mu gulupu. Foloko ya njinga yake, chitsulo chogwira wilo lakutsogolo, inali itachita mng'alu pamwamba, pamene miyendo iwiri imakumana. Mafoloko atsopano anali atasowa pa boma mwezi umenewo. Ine ndinali nditaonapo makaliya akuwotchereredwa ndi kukhala bwinobwino. Ndinajambula voisi, uthenga wa mawu, ndinati apite nayo kwa wowotcherera, idzalimba kuposa yatsopano.

Amene ananditsutsa anali a Njobvu, munthu wamkulu amene wapalasa msewu wa Mburuma kuyambira ine ndisanabadwe. Analemba kuti: "Mwana iwe, kaliya ndi kaliya, foloko ndi foloko. Moto ufewetsa chitsulo pamenepo. Uzapha munthu."

Anyamata ena anayamba kuwaseka, amati mudala wachita nsanje chifukwa mphwake amagulitsa masipeya. Ena anaima kumbali ya a Njobvu. Pofika masana za foloko zinali zitaiwalika, anthu akutukwanirana amayi awo ndi mitundu yawo. Ndinafufuta mauthenga onse a mkanganowo, kuyambira wa a Njobvu woyamba uja. Iwo ndinawachotsa mu gulupu, ndi kulemba kuti pano tifuna ulemu. Voisi yanga yokha ndiyo inatsala. Ambiri anandithokoza kuti ndabweretsa mtendere. A Daka atabwerako sindinawauze kanthu.

Patapita masabata atatu, m'mawa wina wotentha, ndikupopa tayala, ndinaona mayi akubwera atasenza wilo la njinga, zitsulo ziwiri zikulendewera pa habu. Anali mkazi wa Lakisoni. Analitula pansi pamaso pa a Daka ndi kufotokoza mosakweza mawu. Mwamuna wake anali kutsika chitunda asanafike ku Mburuma, madengu awiri kumbuyo, foloko inathyoka. Anagwa chamutu pamiyala. Anagona pamsewu mpaka lole ya makala inadutsa dzuwa lili pamutu. Tsopano anali m'chipatala, nsagwada yothyoka, dzanja lamanja silikugwedezeka.

Kenako mayiyo anayang'ana ine. "Anandimvetsa voisi yanu," anatero. "Ine ndinali ndi mantha, iye anati amakaniki anena."

A Daka anatola foloko ija ndi kuitembenuza. Powotcherera panali pamenepo, posasunthika. Chitsulo chinaduka pambali pake, pamene moto unadutsa. Anandiuza ndiwaseweretsere voisi yanga, anaimva mpaka kumapeto, ndi kufunsa ngati panalibe ngakhale mmodzi amene anakana. Ndinawauza zonse, mayi uja ali pomwepo.

Sanandikalipire. Anandipatsa foni m'manja. "Unalakwira pagulu. Ukonzere pagulu pomwepo, manje, ine ndili pano."

Ndinajambula voisi katatu. Koyamba ndinati mwina wowotcherera sanagwire bwino ntchito. A Daka anapukusa mutu. Kachiwiri ndinati panali kusamvana. Anati ndibwereze. Kachitatu ndinatchula dzina langa, ndinati malangizo aja anali olakwa, kuti a Njobvu ananena zoona ndipo ine ndinafufuta mawu awo chifukwa cha manyazi, kuti Lakisoni ali m'chipatala, ndipo aliyense amene anawotcherera foloko asakwere njingayo lero. Imeneyo ndiyo ndinatumiza mu gulupu.

Mawa lake anthu anayi anabwera akukankha njinga zawo, mafoloko onse owotcherera. Mmodzi sanali wa mu gulupu yathu n'komwe. Voisi yanga yoyamba anailandira kwa mlamu wake wa kutsidya kwa mtsinje. Mpaka lero sindidziwa kumene inafika.

A Njobvu ndinakawapeza kudooko akumanga madengu. Ndinapepesa, ndi kuwapempha abwerere. Anamvetsera osasiya chingwe chawo. Anati mawu awo anali aukali, zimenezo akuvomera, koma mu gulupu sadzabwereranso. "Kundichotsa ine si nkhani," anatero. "Unachotsa mawu amene Lakisoni akanawerenganso asanakwere."

Papita zaka zisanu ndi chimodzi. Ndili ndi malo anga okonzera njinga, ndipo ndikadali adimini. Wina akatukwana ndimamuimbira payekha, koma chimene watsutsa ndimachisiya pamene chili, ngakhale akutsutsa ine. Za foloko, mabuleki ndi mahandulo sindiyankha poona chithunzi, ndimati bweretsani ndigwire ndi manja. Ndikalakwitsa, ndimayankha pansi pa uthenga wanga womwewo kuti woona cholakwacho aonenso kukonza kwake.

Lakisoni amakhala pamsika, akugulitsa nsomba za mkazi wake ndi dzanja lamanzere. Timapatsana moni, za tsiku lija sitinakambepo. Chaka chatha ndinapita kwawo ndi foloko yatsopano, ndinapempha kuti ndikonze njinga ija imene ili kuseri kwa nyumba. Mkazi wake anandithokoza, anati ndibwerere nayo. Pakhomopo palibe woipalasa.