Zigwiriro za a Kalilu

Apongozi anga, a Kalilu, sanagwirepo nkhafi chibadwire. Anabadwira pa Kota Kota pomwepa, nyanja ili pakhomo, koma bwato sankalifuna n'komwe. Ntchito yawo inali ya utelala pakhonde la sitolo ya Mmwenye wina pa boma, kusoka mikanjo ya anthu a kumzikiti ndi makabudula a khaki a amesenjala. Manja awo anali ofewa, ouma nthawi zonse, manja a munthu wogwira nsalu.

Akaweruka, ndiponso Lamulungu lonse, ankakhala kuseri kwa nyumba pansi pa mtengo wa mango n'kumapanga mipeni. Sankagulitsa ayi. Ukawafunsa mtengo ankakwiya, amvekere ine si wamalonda. Chitsulo ankatola paliponse: matupa otha, makasu obenthuka, sipuling'i ya lole ya mpunga imene inafera panjira ya ku Bua. Kusulako sikunkawatengera nthawi, masana awiri mpeni watuluka m'makala. Misala yawo inali pa chigwiriro. Ankasankha phingo kapena mlombwa wouma bwino, kusema, kupala ndi chibenthu cha botolo, kukwecha ndi mchenga wosefa pansalu, kenaka mafuta a nsatsi ndi phula la njuchi, kupukuta, kupukutanso, mwezi wathunthu. Chikatha unkadzionerapo nkhope. Ndiye ankauika mpeniwo m'thumba la mkanjo n'kukapatsa munthu amene wawasangalatsa.

Ambiri mwa olandirawo anali asodzi. Ankalandira ndi manja awiri, kuthokoza mpaka kunjuta. Koma akangofika kudooko ankakanda chigwirirocho pamwala, kuchicheka mipata, n'kuchikulunga chingwe cha bwazi, chija cholukira maukonde. Aliyense wa panyanja amadziwa kuti dzanja lonyowa, lodzola zoterera za nsomba, silisunga mtengo wosalala. A Kalilu okha ndi amene sankadziwa, ndipo panalibe wowauza. Ungamuuze bwanji munthu wamkulu, wotsogolera mapemphero a swala shehe akadwala, kuti ntchito yake ya mwezi wathunthu ndi yoika pashelefu? Kudooko nakonso sankapondako.

Ine ndine Safiya. Ndinakwatiwa ndi mwana wawo wamwamuna mmodzi yekhayo, Yasini. Makina osokera a bambo ake anawakana, anasankha nyanja. Atapeza bwato lake, bambo ake anamupangira mpeni wa phingo, wakuda bii, wonyezimira kuposa yonse. Anzake anamuuza kuti aukande. Ine ndinamuuza, osati kamodzi. Anandiyankha kuti kwa anzakewo n'kosavuta, mipeni yawo mkuluyo saionanso, koma wakewo bambo ake amauitanitsa Lachisanu lililonse pochokera ku mzikiti kuti aupake mafuta. Akaupeza wokandidwa adzati chiyani? Ndinamutcha chitsiru cha ulemu. Anaseka, n'kundiuza kuti pakamwa pangapa mpamene pakufunika kukulunga chingwe.

Chaka chimene nkhondo yachiwiri ya azungu inayamba, mwana wathu Useni akukwawa, Yasini anapita ndi mnzake, a Fakiri, kukavuula maukonde pamene Bua amathira m'nyanja. Inali nyengo ya mpasa, dzuwa litatuluka kale. Mvuu inalowa muukonde, inadzidzimuka, n'kuthamangira kwakuya. Chingwe chinakulunga mwendo wa Yasini. Anamupeza mawa lake m'bango, chingwecho chikadali kumwendo.

Pamaliro a Fakiri anauza anthu kuti zinachitika mwadzidzidzi, panalibe mpata wochita kanthu. Ine anandiuza zoona nditatsiriza eda, miyezi ija mkazi wamasiye amabindikira m'nyumba. Mpata unalipo. Yasini anagwira mphepete mwa bwato ndi dzanja limodzi, anasolola mpeni ndi linalo, anaufikitsa pachingwe. Atangokanikiza, mpeni unamupulumuka ngati mlamba n'kumira. Chingwe chinali chitaduka theka. A Fakiri mpeni wawo anali atausiya pamtunda. Anandiuza akulira, kenaka anandilumbiritsa kuti zisafike kwa mkuluyo, angafe nazo.

Ndinasunga zaka khumi, zisanu ndi ziwiri. Musandiyese wamtima wabwino, ayi ndithu. A Kalilu ndinkawada. Nyumba zathu zinkayang'anana, ndipo ndikamva kwee, kwee, botolo likupala mtengo kuseri kuja, ndinkatseka chitseko. Koma anthu omwewo ndi amene anandilerera mwana. Useni sanayendepo ndi kabudula wong'ambika, ndipo mpunga wa m'munda mwawo unkalowa m'nkhokwe yanga ndisanapemphe. Ndiye panalinso mwambo. Mpongozi sayang'ana apongozi ake aamuna kumaso, sakhala nawo pamphasa imodzi. Tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire mpaka adutse. Mawu anga ankapita kudzera mwa akazi awo, ndipo akazi awowo atamwalira ankadzera mwa Useni. Nkhani ngati iyi ungaitume ndani?

Ndinayesetsa kuti Useni aphunzire makina. Anakana. Nthawi ya Chitaganya, maukonde a nayiloni atayamba kufika, a Fakiri anamutenga m'bwato lawo, ali mnyamata wamkulu wometa ndevu. Sabata yomweyo agogo ake anatulutsa chidutswa cha phingo chimene anasunga padenga, n'kuyamba kusema.

Ndinamuitana Useni n'kumuuza kuti akalandira akaukande. Anakana. Anati agogo ake maso akutha, umenewu ndi mpeni wawo womaliza, ndipo adzafuna kumauona. Ndiye ndinaphwanya lumbiro langa, ndinamuuza mmene bambo ake anafera, zonse. Anati tsiku la bambo ake linalembedwa kale, ndipo iye chiyambire ubwana wake amadziwa kuti agogo akewo ndimawada. Anatuluka. Ndinatsala ndi ukali, komanso mantha. Ndinali nditaika mwamuna chifukwa cha ulemu, ndipo ulemu womwewo unali utaimanso pakhomo kudikira mwana wanga.

Patatha mwezi, Loweruka lina masana, mpeni unatha. Ndinatenga mlamba wamuwisi m'beseni ndi chidutswa cha chingwe cha ukonde, ndinadutsa pabwalo osapatuka, n'kukakhala pamphasa pawo penipeni. Mkuluyo anadzidzimuka, anatembenuzira nkhope kukhoma, n'kuyamba kuitana Useni kuti adzamve zimene amayi ake akufuna.

"Lero palibe wotumidwa, bambo," ndinatero. "Gwirani nsombayi, kenaka mudule chingwechi ndi mpeni wanuwo."

Mwina anayesa ndapenga, ndipo wopenga sakanganirana naye. Anagwira mlamba uja monyansidwa, anatola mpeni, ine nditakoka chingwe mbali inayo. Atakanikiza, chigwiriro chinazungulira m'dzanja, mpeni n'kugwera pamphasa. Anautola, anayesanso ndi mphamvu. Unathawanso, n'kuwacheka chala. Anakhala akuyang'ana dzanja lawo.

"Inu mwayesa kawiri," ndinatero. "Yasini anayesa kamodzi. Chingwe chinali chitaduka theka."

Sanalire, sanandikalipire. Anafunsa amene anandiuza, ndinawatchulira. Anafunsa ngati alipo wina akudziwa za zigwirirozo. Ndinati apite kudooko akaone okha. Anadzuka, anatenga ndodo, magazi akudontha pamkanjo, n'kutsika njira imene sanaiyendepo.

Zotsalazo ndinamva kwa a Fakiri. Mkuluyo anayenda bwato ndi bwato, kupempha aliyense kuti awaonetse mpeni wake. Amuna akuluakulu ankabisa manja kumbuyo ngati agwidwa akuba. Koma anatulutsa, mmodzimmodzi. Mlombwa wawo, phingo lawo, zonse zokandidwa, zochekedwa, zokulungidwa zingwe zakuda ndi mamba. Anawerenga mipeni khumi ndi inayi. Uliwonse ankaudziwa, mpaka chaka chimene anaupanga.

Atabwerako anandipeza ndikadali pamphasa paja. Kwa nthawi yoyamba chikwatiwire anandiyang'ana m'maso.

"Ana a eni onse anadziwa, make Useni. Wanga yekha ndi amene anandikhulupirira."

Anatenga tupa n'kuyamba kucheka chigwiriro chatsopano chija, mipata yakuya, yokhotakhota. Anandipempha chingwe chimene ndinabwera nacho, anachimasula, n'kukulunga mpaka phingo lonse linabisika. Anati ndikamupatse Useni ndine, iwo sangathe.

Makala sanayatsenso. Kusitolo anasiya kupita, ku mzikiti ankakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo chakudya chimene ndinkatumiza chinkabwerera chitangotsinidwa. Sanadwale matenda oti n'kuwatchula. Ankangouma. Anamwalira mpunga ukukololedwa, patatha miyezi iwiri, monga mmene a Fakiri ananenera.

Useni mpeniwo anaulandira, ndipo ndi umene ankapita nawo kunyanja, koma kunyumba kwanga anasamukako n'kukakhala kwa a Fakiri. Tsiku la maliro, amuna atabwerako kumanda, anadzaima pakhomo panga, dothi la manda likadali m'manja.

"Mwakhutira, amayi?"

Ndinamuyang'ana mwana wanga, wamtali, wamoyo, akupuma ndi ukali pakhomo panga. Ndinati eya.