Kalata ya Mlonda Wathu

Chaka chomwe tinasamutsira maimelo a bungwe lathu la alimi ku Milange pa seva yatsopano, kompyuta yolandira ndi kutumiza makalata, ine ndinkadzimva kwabasi. Ntchito yonse ndinaigwira ndekha. Nditamaliza ndinadzitumizira imelo yoyesera, n'kufika pompo. Ndinauza ofesi yonse kuti zatheka.

Mlonda wathu anali bambo wachikulire wa ku Mongue, maso atayera ndi ng'ala. Sabata yomweyo tinamva kuti madokotala a maso akubwera pa chipatala china kutsidya, ku Malawi, ndipo ofuna opaleshoni atumize mapepala awo pa imelo pofika Lachisanu. Anabwera nawo Lachinayi atawakulunga m'jumbo, ine n'kuwatumizira.

"Yapita, mwanawe?" anandifunsa.

"Yapita kalekale, bambo. Imeneyi sikwera njinga ayi."

Anaseka mpaka kutsokomola.

Lolemba lotsatira shefi, mkulu wa ofesi yathu, anandiitana, akuti ogula nandolo akudandaula kuti sitikuwayankha. Ndinatsegula seva. Mayo ine! Makalata onse opita kunja anali ndandanda pa mzere, osatuluka ngakhale imodzi. Ndinali nditaiwala kutsegula khomo lotulukira makalata pa seva yatsopanoyo. Obwera ankalowa bwinobwino, n'chifukwa chake sitinakayike. Nanga yoyesera ija? Inafika chifukwa sinatuluke n'komwe mu ofesi. Ndinadzitumizira ndekha, chitsiru ine.

Kukonza kwake sikunatenge ndi ola lomwe. Ndinakhala n'kumayang'ana mzere ukuchepa, mpaka ya mlonda nayo inatuluka. Yankho linabwera tsiku lomwelo: kulembetsa kunatsekedwa Lachisanu, adzayesenso chaka chamawa.

Bambo aja ndinangowauza kuti malo adzaza. Zinazo ndinameza. Ndinkaopa ntchito yanga, komanso ndinali ndi manyazi.

Chaka chamawacho sichinawapeze pa geti. Maso atatheratu, ntchito nayo inatha. Tsiku lobwerera kumudzi anabwera kudzatsazika, akazi awo atawagwira dzanja, kwinaku atanyamula nanazi ziwiri. Anapapasa m'mwamba mpaka kupeza phewa langa.

"Iwe unachita mbali yako, mwanawe. Akutsidyawo ndiwo anandikana. Tenga, ukadye ndi ana."

Mpaka lero mtima umandiwawa. Masiku ano ndikasamutsa seva, yoyesera ndimatumiza kunja, n'kuimbanso foni kufunsa ngati yafika. Koma tsiku limenelo pakamwa panga sipanatuluke chilungamo. Ndinalandira nanazizo ndi manja awiri, n'kuthokoza.