Tsiku loika achimwene anga, akapitawo

Ndinadzuka kusanache, mvula ikuwaza pa malata. Anthu amene anagona pa siwa anali ochepa zochititsa manyazi. Nyimbo zinatha msanga, chifukwa panalibe olandizana nawo.

Achimwene anga anali kapitawo pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, m'nthawi ya Chitaganya. Mzungu ankawakonda chifukwa gulu lawo linkadzaza madengu. Koma anthu m'gulumo ankagwira ntchito mtima uli kuwawa. Wina akapempha kuti apite ku maliro, achimwene ankati masamba sadikira munthu. Ine ndinkawauza kuti maliro n'kulirana, iwo n'kumangoseka. Tsopano anali gone m'bokosi, ndipo mantha anga anali amodzi: atakumbe manda ndani?

Tinasonkha moto kuseri kwa nyumba, nkhuni zonyowa zikungofuka. Hutala ya ku fakitale italira, ndinaona antchito akutuluka m'nyumba zawo za m'malaini, madengu kumsana. Anadutsa pakhomo pathu osacheuka. Alamu anga, amasiyewo, anandigwira dzanja.

Dzuwa linakwera kuseri kwa mitambo. Abale ochokera ku Goliati anafika atanyowa, ambiri a iwo amayi ndi nkhalamba. Mkulu wa mpingo anapita kumanda, nabwerako ataweramitsa mutu. Kunalibe ngakhale khasu limodzi. M'nyumba fungo linali litayamba, ndipo azimayi anasendera kufupi ndi khomo. Ndinayamba kuganiza zoti ife akazi tikakumbe tokha, chinthu chomwe sindinachimvepo chibadwire.

Masana, ntchito isanaweruke, bambo wina wamtali anatuluka m'munda wa tiyi, natula dengu lake pamsewu. Anafika pakhomo osakhala pansi.

"Amayi, makasu ali pati?" anandifunsa.

Ndinamulozera. Posakhalitsa amuna ena anamutsatira mmodzimmodzi, kalaliki wa kumunda akukalipa kumbuyo kwawo. Onse anatenga makasu n'kupita kukakumba manda.

Tinanyamula maliro mvula itayambanso. Njira inali yoterera, matope ofiira mpaka m'akakolo, ndipo onyamula bokosi ankasinthana mwakachetechete. Kumanda palibe wa pa esiteti amene analankhula. Atakwirira, anasamba m'manja, natenga madengu awo n'kubwerera kumunda. Chakudya chathu sanachilawe.

Madzulo nyumba inali zii. Abale anali atagona ndi kutopa, ine ndi alamu tili pa mphasa. Ndinati mawa ndikufuna ndikathokoze bambo wamtali uja, ndipo ndinafunsa kumene amakhala.

Alamu anatembenukira kwa ine.

"Musapiteko, alamu," anatero. "Mwana wawo atamwalira chaka chatha, achimwene anu anawakaniza kupita ku maliro. Mwanayo anaikidwa bambo ake ali m'munda, akuthyola tiyi."