Dizilo wodontha m'galimoto ya atate

Atate anagwira ntchito yoyendetsa malole kwa zaka zambiri, ndipo atapuma anagula kagalimoto kakale ka dizilo kotsegula kumbuyo, kamene kwathu ku Chipata timati vaneti. Ankanyamulira anthu thonje ndi nsawa kuchokera kumidzi ya ku Tamanda kubwera nazo m'tauni. Zimenezi zinali chapakati pa zaka za m'ma 1990. Ine ndinali mphunzitsi, wokwatiwa kale, koma Loweruka lililonse ndinkapita kwathu ku Nabvutika kukaona makolo.

Loweruka lina m'mwezi wa Juni ndinapeza pabwalo ponse pakununkha dizilo. Boneti inali yotsegula, atate atawerama pa injini. Ndinawapatsa moni kawiri, osatembenuka. Amayi anandikodola ali pakhomo.

"Usawadabwe," anatero chapansipansi. "Makutu aja atha. Belu la kutchalitchi salimva, amangoyang'ana ine ndikamanga chitenje. Koma ukawauza, mukangana."

Ndinapita kukaima pamene akanandiona. Anasangalala, nayamba kundifotokozera vuto mokweza mawu, ngati ndili kutsidya kwa mtsinje. Galimoto inkavuta kulira m'mawa, ikalira inkatulutsa utsi woyera wolowa m'maso, ndipo oyilo m'malo mochepa ankachuluka, akununkha dizilo. Anati ndi mainjekita, tizitsulo tinayi tokhala pamwamba pa injini timene timapopera dizilo mkati. Tina tinkadontha kunja, ndipo kamodzi kayenera kuti kankadontha mkati.

"Choko uli nacho m'chikwamamo?" anafunsa.

Ndinali nacho. Anatsuka pamwamba pa injini ndi palafini, napukuta ndi kansanza mpaka pouma. Kenaka anapera choko changa pamwala ndi kuwaza fumbi lake m'tsinde mwa injekita iliyonse. Ataliza injini tinadikira. Posakhalitsa choko cha pa yoyamba ndi yachitatu chinada, chanyowa. Atate anamwetulira.

"Awo ndi mawashala, timphete ta mkuwa totseka m'tsinde mwa injekita, atopa. Zimenezo n'zazing'ono. Tsopano tifune wodwala weniweni."

Anatenga sipanala. Anati amasula pang'ono nati ya paipi imodziimodzi injini ikulira. Injekita yabwino ukaimana dizilo, injini imatsimphina. Yoipa ukaimana, kulira sikusintha kwenikweni. Anandichenjeza kuti ndisayandikize dzanja, chifukwa dizilo wa m'mapaipi amenewo amaboola khungu.

"Iwe ima apa, uzindiuza chimene ukumva. Ndikufuna uphunzire, mwana wanga. Mawa ndi mawa udzakhala ndi galimoto yako."

Ndinadziwa kuti sikunali kundiphunzitsa. Munthu ameneyu kale ankati lole ikamadutsa pamsewu, iye ali m'nyumba, amatchula chimene chikuivuta. Tsiku limenelo ankayang'ana pakamwa panga.

Anamasula yoyamba, injini inatsimphina. Ndinagwedeza mutu. Anamanga, namasula yachiwiri. Ndinamvetsera, koma kwa ine phokoso lonse linali limodzi.

"Yasintha?"

"Kaya, atate. Ngati yasintha pang'ono."

"Wati bwanji?"

"Sindikudziwa!" ndinakuwa.

Anabwereza katatu konse, ine osatsimikiza. Pamenepo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatenga sikuludiraiva yaitali ya chigwiriro cha mtengo. Nsonga yake anaikhazika pa injini, chigwiriro anachikanikiza pa fupa la kuseri kwa khutu, natsinzina. Dzanja linalo linkamasula ndi kumanga manati. Anachita zimenezi pamaso panga, osabisanso. Amayi, amene ankaonerera ali pakhonde, analowa m'nyumba.

"Ndi yachiwiri," anatero atazimitsa injini.

Inalidi yachiwiri. Ataizula, kunsonga kwake kunali konyowa, kwakuda bii ndi mwaye. Lolemba anapita nayo m'tauni kwa munthu wina amene anali ndi pampu yoyesera, ndipo anakaona ndi maso awo ikuchucha madontho m'malo mopopera ngati nkhungu. Anagula nsonga yatsopano. Mawashala sanawapeze, choncho akale omwewo anawawotcha pa mbaula mpaka kufiira kuti afewe, nawabwezera.

Loweruka lotsatira ndinapeza atate atavala malaya ochapa, akundidikira kuti tikayese galimoto. Inalira kamodzi n'kamodzi, popanda utsi. Atate anaika chikhatho pa boneti, nandifunsa ngati ikulira bwino. Ndinati ikulira bwino kwambiri, ndipo sindinaname.

Tinatulukira pa msewu waukulu wopita ku Lusaka. Atate ankayendetsa pang'onopang'ono, chapakati pa msewu, akundisimbira za ulendo wina wakale. Kumbuyo kwathu kunabwera basi. Inaimba hutala, kuimbanso, kuimbanso. Ndinawagwira mkono, koma iwo anayesa ndikuvomereza nkhani yawo. Basi ija inatipitirira mokhotera kunja kwa tala, fumbi lili koboo, matayala ake atatsala pang'ono kugwera m'ngalande. Kondakitala anatulutsa mutu pazenera.

"Iwe mdala, ndiwe gonthi? Ufuna kupha anthu? Kafere kunyumba kwako!"

Atate anakweza dzanja, akumwetulira, monga amachitira madalaivala akakumana.

"Akuti chiyani amenewo?"

"Akukupatsani moni, atate."

Anandiyang'ana kumaso, nayang'ana pagalasi, nayang'ananso fumbi la basi ija. Kumwetulira kunatha. Anapatutsa galimoto pambali, naiimitsa, manja ali pa chiwongolero.

"Inaimba nthawi yaitali?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Munali ana mmenemo," anatero. Kenaka anatembenuza galimoto, tinabwerera kunyumba.

Thonje la chaka chimenecho ananyamula ndithu, chifukwa anali atalonjeza anthu, koma amayi ankakhala nawo kutsogolo, kuwagwira bondo pakamveka hutala. Nyengoyo itatha atate anauza mlimi wina wa ku Tamanda, mnzawo wa mu mpingo, kuti abwere adzatenge galimotoyo.

Tsiku limene mlimiyo anabwera ndinalipo. Atate anamusonyeza zonse, namuuza kuti mawashala aja ndi owotcha, adzasinthe akapeza atsopano. Anamupatsa makiyi ndi masipanala omwe, atakulunga m'chiguduli. Kenaka anatenga khasu napita kuseri kwa nyumba, kumene amayi anali ndi kadimba ka repu, ngakhale munalibe udzu woti n'kupalira.

Galimoto inalira, inatuluka pabwalo, ndipo ndinaimva mpaka inakhota kumsika. Nditapita kuseri ndinapeza atate akupalapala dothi, atafulatira msewu. Ataona chithunzithunzi changa pansi anaweramuka.

"Yapita?"

"Yapita, atate."

Anagwedeza mutu, nandipempha madzi akumwa.