Kompyuta ya a Msiska sidziwa maliro

Loweruka lapitali ndinapalasa njinga kupita kwa a Msiska ndi pempho limodzi basi: abwerere ku makhadi a Lamulungu. A Msiska ndi mnzanga wakalekale. Anachokera ku Rumphi kudzagwira ukalaliki pa esiteti ya tiyi kuno, ndipo lero ndi wachiwiri kwa manejala. Chigulireni laputopu, mpando wawo pakhonde la a Muhiwa, pomwe timasewera, wasanduka poika zipewa.

Ndinawapeza pabalaza, tiyi atazizira m'kapu, akusewera makhadi a poka pa intaneti ndi anthu omwe sanawaonepo. Pambali pa dzina la wosewera aliyense panali timanambala. Akuti ndi pulogalamu yomwe imasunga khalidwe la mdani wako: amalowa kangati, amathawa kangati, amaopseza kangati alibe kanthu m'manja.

"Aphunzitsi, taonani uyu," anatero akuloza dzina lina. "Miyezi yonseyi amasewera mosamala. Koma wiki ino akungolowa paliponse, mutu suli bwino. Woteroyo timamutcha nsomba. Ukamuona umakokera mpando pafupi."

"Nanga chamusokoneza n'chiyani?" ndinafunsa.

"Aaa, zimenezo pulogalamu sinena."

Mawu amenewa anandiwawa, ndisakubisireni. Anandikumbutsa masiku aja zipani zambiri zitangobwera, pomwe anthu anayi tinkakumana Lamulungu lililonse masana tikaweruka ku tchalitchi. Ndalama sitinkabetcha. Tinkasewerera zitsekerero za mabotolo, ndipo wopambana ankapita kwawo ndi phava la nthochi. Akazi athu ankati ndi njuga ndithu, ife tinkati ndi masamu.

Kodi mukuganiza kuti kuwerenga khalidwe la mnzako kwayamba ndi kompyuta? Ayi ndithu. A Muhiwa, omwe ankayendetsa thirakitala yotuta masamba kupita ku fakitale, akagwira makhadi abwino ankayamba kufunsa za mvula, ngakhale dzuwa likuswa mtengo. A Msiska akamaopseza chabe ankakanda khutu. Ine changa sanandiuzebe mpaka lero, amangoseka ndikakhosomola.

Koma pakhonde paja panali mwambo womwe palibe anautchulapo ndi pakamwa. Munthu akaferedwa, Lamulungu loyamba kubwerera pa tebulo ankapambana. Maliro anachuluka zaka zimenezo, ndipo mwambowo sunkachita dzimbiri.

A Msiska anali akadali mlendo pomwe mwana wawo woyamba anamwalira. Anakamuika ku Rumphi, nabwerako malaya akuwakhwepa. Tsiku limenelo anakanda khutu masana onse, ife n'kumangotaya makhadi ngati tachita mantha. A Muhiwa anataya mafumu atatu nkhope ili gwa. Madzulo mlendo wathuyo ananyamula nthochi kukapatsa mkazi wake, ndipo kwa nthawi yoyamba chichitikireni malirowo tinamva kuseka kwake. Nkhani imeneyi sitinaikambepo.

Musaone ngati kuluza mwadala n'kophweka. Kumavuta kuposa kupambana. Ukapusa pang'ono mnzakoyo amazindikira kuti ukumumvera chisoni, ndiye wamuvula. Pamafunika kumudziwa munthu mpaka chala chake.

Ndiye sindikunyoza manambala a a Msiska. Kuno tonse timakhalira sikelo. Kapitawo amadziwa mayi amene masamba ake apepuka mwezi uno. Ine ndimadziwa mwana amene malikisi ake atsika. Namwino ku Makwasa amadziwa amene waleka kudzatenga mankhwala. Kudziwako tili nako, mwinanso kuposa kale. Chomwe chikusowa ndi funso laling'ono lotsatira lija: chachitika n'chiyani kwanu? Tikaona munthu wafooka, kodi timakokera mpando pafupi kuti timugwirize, kapena kuti tikolole?

Paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono chomwe ndinapalasira njinga n'chakuti mayi a kunyumba kwa a Muhiwa tinawaika mwezi wathawu. A Msiska kumaliro anabwera, galimoto anathandiza nayo, sindingawanamizire. Koma mnzathu wachinayi anatisiya kale, moti pa tebulo tinatsala awiri. Anthu awiri simungaluzirane mwadala, zimaonekera poyera. Popanda a Msiska, a Muhiwa akanabwerera ku makhadi n'kupeza ine ndekha ndi chisoni changa chooneka ngati nyanga.

Zonsezi sindikanatha kuzinena, mwambo sulola. Ndinangoti, "A Muhiwa akuyala tebulo mawa."

"Ndiona, aphunzitsi," anayankha maso ali pa nsomba yawo ija.

Ndinabwerera nditataya mtima. "Ndiona" wa bwana timamudziwa tonse.

Lamulungu kunadzuka chiperoni, mizere ya tiyi osaoneka n'komwe. A Muhiwa anali atayala nsalu pa tebulo mokhota, poti woyala bwino uja kulibe. Tinakhala awiri, tikukamba za mtengo wa feteleza. Kenaka tinamva njinga yamoto. A Msiska anatsika atanyowa, phava la nthochi lili m'jumbo, nachotsa zipewa pampando wawo.

A Muhiwa ankasewera ngati munthu wogona. Ankalowa paliponse, makhadi ena akuonekera. Pulogalamu ija ikanawaona ikanaimba mluzu. Koma katswiri wathu wa pa intaneti anayamba kuphonya. Apa wathawa msanga, apa walowa polakwika, apa akudandaula kuti makhadi akale amaterera m'manja. Miyezi yonse yophunzira manambala ija anaigwiritsa ntchito yoluza, ndipo analuza mwaluso moti nanenso nthawi zina ndinkakhulupirira.

Dzuwa litapendeka, a Muhiwa anayang'ana makhadi awo, nayang'ana kunja.

"Kodi akuluakulu, mvula imeneyi ikhalitsa?"

Ine ndinawerama kuti asaone maso anga. A Msiska anakankha zitsekerero zawo zonse pakati, naluza zonse.

Potuluka, a Muhiwa ali pakhonde ndi nthochi zawo, a Msiska anandikoka dzanja pafupi ndi njinga.

"Aphunzitsi, khutu langa lija munkaliona, eti?"

"Khutu liti, bwana?"

Anaseka, navala chipewa, nalowa m'nkhungu.

Sindikudziwa ngati adzabwerenso Lamulungu likudzali, ndipo laputopu sindinawauze kuti ataye. Koma chibwerereni kunyumba ndikungoganiza za munthu uja wa pa intaneti, amene miyezi yonse ankasewera mosamala ndipo wiki ino wasokonezeka. Kaya ali dziko liti, kaya waika ndani m'manda. Pa tebulo lakelo, pomwe aliyense akumuona manambala ake, ndani amene amutayire mafumu atatu?