Nyimbo ya Amayi ndi Disiki Yomwe Inkagogoda

Ndikukumbukira kuti tsiku limenelo kunali chifundi. Mitambo inali itaunjikana pa phiri la Michesi, mabingu akumveka chapatali, koma mvula osagwa. Nyenje zinkalira m'mitengo ya mango njira yonse yochokera ku Chiringa. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo amayi tinali titawaika m'manda chaka chomwecho.

Kwathu kunalibe chithunzi chawo. Chomwe chinatsala ndi mawu awo. Malume anga, a Fedisoni, anali ndi kashopu kotayipa makalata ku Boma, ndipo nthawi ina anajambula kwaya ya kutchalitchi kwathu n'kusunga nyimbozo m'kompyuta. Mwa nyimbozo munali ya Chilomwe yomwe amayi ankatsogolera. Titamva kuti kompyutayo yayamba kuvuta, bambo anabwereka fulashi, kachipangizo kotengera zinthu za m'kompyuta, kwa aphunzitsi ena, anaikulunga pakansalu, n'kundipatsa njinga.

"Ukatenge mawu a mayi ako," anatero. "Usachedwe panjira."

Ndinafika thukuta lili kamukamu. M'shopumo munkanunkha inki ndi fumbi lotentha. Ndisanakhale n'komwe pansi ndinamva kaphokoso kochokera m'bokosi la kompyuta: go, go, go, ngati munthu wodwala akugogoda chitseko ndi chala chimodzi. Malume anati ndi disiki, mbale yachitsulo yomwe imasunga zonse, ndipo ikuyandikira kufa.

Munalinso mnzawo, a Namacha, okonza mawailesi ndi makompyuta. Malume atafuna kulowetsa fulashi pabowo lakutsogolo kwa kompyuta, a Namacha anawagwira dzanja.

"Apo ayi, achimwene. Bowo limenelo ndi lakale, ndi ngolo ya ng'ombe. Lakumbuyo lomwe ndinakuikirani lija ndiye minibasi."

"Minibasi yanu yomwe ija yokankha?" anaseka malume. "Mabowo onse ndi amodzi. Munangondipusitsa."

"Tiyese tione. Disiki yodwala imafuna njira yachangu, nyimboyo idutse msanga."

Ndinati, "Malume, bwanji tiyambe ndi nyimbo ya amayi?"

"Dikira mphwanga. Nyimbo ya mlongo wanga siyoyesera. Tiyesere chinthu chachabe, kenako iyoyo idzere njira yabwino."

Anasankha kachidutswa ka filimu ya karate. Pabowo lakutsogolo kamzere kosonyeza kuti zinthu zikusamuka kankayenda ngati nkhono, moti a Namacha anatuluka kukagula chimanga chootcha n'kubwerako kasanathe. Anafufuta filimuyo pafulashi n'kuyesa bowo lakumbuyo. Inadutsa malume asanamalize mzere umodzi wa chimanga. A Namacha anawomba m'manja. Ine ndinkamvetsera kugogoda kuja. Kunali kutayamba kufulumira.

"Basi malume, lakumbuyolo."

Koma a Namacha anali atatenthedwa. Anati mabowo onsewo ndi masewera, njira yeniyeni ndi ya m'kati. Anamasula bokosi, anachotsa disiki ija, n'kuilumikiza ku kompyuta yawo ndi lamba wotuwa, wophwatalala ngati chikwatu cha fodya. Anati lamba ameneyu ali ndi timawaya tambirimbiri, zinthu zimayenda moyandikana, osati pamzere umodzi. Sanalakwe. Filimu ija inasamuka ngati kuphethira.

"Mwaona? Bweretsani nyimboyo tsopano!"

Malume anatsegula pomwe panali nyimbo za kwaya. Ndinaliona dzina la amayi ndi maso angawa. Kamzere kaja kanayamba, kanasuntha pang'ono, kanaima. Go. Go. Kenako zii.

Anayesa kuzimitsa ndi kuyatsa. Anaibwezera m'bokosi lake. A Namacha anaiika pakhutu, anaigwedeza pang'ono ngati wailesi, thukuta likugwera pamalaya. Disiki ija sinazungulirenso. Malume anakhala pampando, manja ali pamutu, n'kutchula dzina la mlongo wawo, lija la paubwana lomwe ine sindinkalidziwa.

Ndinabwerera ndi filimu ya karate m'thumba. Mvula inandipeza panjira. Bambo anali pakhonde, ndipo nditawafotokozera anangoti, "Lowa usinthe zovala." Sanadzaitchulenso nkhaniyo mpaka imfa yawo. Malume anasiya kubwera kwathu. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo, osaimba, ndipo ine ndinkadutsa osawapatsa moni. Ndinkalandira mgonero ndi mtima umenewo kwa zaka zambiri.

Mawu a amayi anandichokera pang'onopang'ono. Lero nyimbo ija ndimaidziwa, ndikhoza kuiimba, koma amene ndimamumva ndi ine ndemwe. Mvula ikakata, madontho akamagwa kuchokera pamalata, ndimamva kugogoda kuja.

Patapita zaka zambiri, mkazi wanga atadwala, ndinamupempha aimbe nyimbo yake yapamtima. Foni yanga inali yakale, yong'aluka, ndipo mlamu wanga anati tidikire abwere ndi yake yabwino Loweruka. Ndinakana. Ndinajambula pomwepo, mawu ake akunjenjemera, nkhuku zikulira panja, n'kutumiza kwa abale atatu lisanalowe dzuwa. Loweruka linamupeza atasiya kuyankhula. Ana anga amamvetsera nyimboyo, nkhukuzo zili momwemo.

Ndi nthawi imeneyo pomwe ndinawamvetsa malume ndi a Namacha. Mlamu wanga sankafuna choipa, ankafuna mawu a mlongo wake amveke bwino. Malume nawonso ankafunira mlongo wawo njira yabwino koposa. Anayeza liwiro la mabowo ndi la lamba, n'kuiwala kuti disikiyo inatsala ndi mphamvu zochepa, ndipo kuyesa kulikonse kunkadya zomwezo. Bowo lochedwa lija likanatha kuifikitsa nyimboyo.

Maliro a mkazi wanga atatha, ndinapalasa njinga kupita ku Boma. A Namacha anali atamwalira kale. Malume ndinawapeza atakalamba, maso akuchita khungu. Ndinawagwira dzanja n'kuwapatsa moni yemwe ndinawamana zaka zonsezo. Onse awiri, iwo ndi a Namacha, ndinawakhululukira.