A Chammbali ndi Kabati ya Malemu Mkazi Wanga

Anthu amawatchula a Chammbali chifukwa salowa pakhomo molunjika. Ngakhale m'manja mulibe kanthu, amayamba apendeketsa phewa, kuweramitsa mutu, kenako n'kulowa ngati nkhanu. Anyamula katundu wa anthu osamuka kwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo akazi awo amati thupi lawo linaiwala msinkhu wake, limangoyesa kuti pamsana padakali katundu.

Ine ndinawadziwa tsiku limene ana anga anandisamutsa. Ndikuti anandisamutsa chifukwa sanandifunse, ndipo zimenezo sindinaiwale. Anandipatsa kachipinda ka kumapeto kwa kolido m'nyumba ya mwana wanga wamkazi. Pa katundu yense ndinakakamira chinthu chimodzi: kabati ya zovala ya malemu mkazi wanga, ya matabwa olemera, yokhala ndi galasi limene ankadziyang'anirapo pomanga duku.

Vuto linali pa kona. Kolidoyo ndi yopapatiza, ndipo imakhota usanafike pa chitseko cha chipindacho. Ndinaphunzitsa masamu moyo wanga wonse, choncho ndinatenga tepi, ndinayeza, ndinajambula papepala, ndinawerengera kawiri. Kabatiyo sikanakhota. Mkamwini wanga, munthu wokonda mayankho achangu, anali atabwereka kale sowo.

"Tingoidula pakati, bambo, tikailumikizire mkati," iye anatero.

"Muyambe mwadula ine," ndinayankha.

A Chammbali ndinawaonetsa pepala langa. Analiyang'ana mwaulemu, ngati mmene munthu amaonera chithunzi cha mwana wa eni, n'kundibwezera. Zinandipweteka. Kenako anapita pa kabati ija n'kuikumbatira. Atachotsa thupi, manja anawasiya ali chitambasulire, n'kuyamba kuyenda m'kolido pang'onopang'ono atanyamula mphepo. Pa kona anaima. Anapendekeka, anabwerera m'mbuyo, mpaka msana wawo unakankha chitseko cha bafa chimene chili pomwepo. Chinatseguka.

"Ilowa, achikulire."

"Masamu akukana."

"Masamuwo sakudziwa kuti pano pali bafa. Tiilowetsa chafutambuyo kubafaku, ikapeza mpata, itembenuka."

Ndinayang'ana pepala langa. Pamene panali chitseko cha bafa, ine ndinali nditalemba mzere wowongoka. Ndinachiona chotseka, ndipo ndinachitenga ngati khoma.

Ananyamula ndi mlamu wawo, amene amagwira naye ntchito, akunyozana njira yonse.

"Tsitsani kwanuko, alamu, kapena mwagona?"

"Ndatsitsa kale. Mimba yanuyo ndiyo ikutchinga."

Galasi linadutsa pa kona patangotsala mpata wa chala chimodzi. Ndinatseka maso. Nditatsegula, kabati inali m'chipinda, yathunthu.

Akupukuta thukuta, ndinawafunsa kumene anaphunzira zimenezi, popeza sukulu anailekeza Sitandade 4. Anati ali mnyamata ankasenza matumba m'nyumba yosungiramo katundu. Mmenemo munali mphaka wamkazi amene ankatulukira pa kabowo ka pansi pa chitseko tsiku ndi tsiku. Atatenga bere, tsiku lina anafika pa kabowoko, anakayang'ana, n'kutembenuka kukadzera pawindo.

"Sanayese n'komwe, achikulire. Sanakakamirepo ngakhale kamodzi. Ndiye ndinadzifunsa kuti, kodi anamuuza ndani kuti wanenepa? Kuyambira pamenepo katundu ndimamuvala kaye, kenako ndimayang'ana khomo."

Anamwa madzi, anatsanzika, n'kutuluka chammbali pakhomo lalikulu loti n'kudutsa anthu awiri.

Funso lawo lija landikhala m'mutu. Pakhomo la kukhitchini pali sitepe imene chaka chatha sindinkaiona n'komwe. Masiku ano ndikaiyang'ana imaoneka yaitali, ndipo dzanja limafuna khoma mwendo usananyamuke. Ndinaiyeza ndi tepi. Sinakule. Ndiye maso anga anawauza ndani za maondo anga? Dzulo ndinathera m'mawa wonse ndikuonerera nkhuku ikuyeza mpanda, ikupendeketsa mutu uku ndi uku, isanaganize zouluka kapena kudzera pansi. Mwana wanga akuti ndayamba kusokonekera. Nazonso ndazisunga mumtima.

Pepala lija ndinaliika m'dirowa ya kabati, pamodzi ndi maduku. Masamu ake ndi olondola, wina asadzanene kuti ndinaphonya. Sowo ija mkamwini sanabwezebe kwa mwini wake. Ili kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, ndipo m'mawa uliwonse ndimakaiona ngati idakali pomwepo.